Mpira Unakwera, Koma Bwalo Linatsala M'mbuyo

CHEGUTU. Pamene timu ya Chegutu Pirates inalowa m'gulu la matimu akulu a mpira m'dziko la Zimbabwe m'caka ca 2024, anthu a m'lokeshoni la Pfupajena anakondwera kwakukulu. Koma cimwemwe cao sicinakhalitse, pakuti akulu a mpira sanabvomereze bwalo la Pfupajena, ndipo masewera amene akadacitikira pakhomo anapita nao ku bwalo la Baobab, ku Ngezi. Munthu wa malipiro ocepa anayenera kusankha pakati pa ndalama ya basi ndi ya ufa. Pakutha pa caka comweco timuyo inatsikanso.

Bvuto limeneli mizu yace ili kutali. M'dera lozungulira Kadoma ndi Chegutu, matauni amene kufikira 1982 analikuchedwa Gatooma ndi Hartley, malo osewerera sanamangidwe ndi eni ace owagwiritsa nchito. M'makomboni a migodi, monga Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari, holo ndi bwalo zinali za kampani. M'malokeshoni zinali za khonsolo, imene inkazisamala ndi phindu la mowa wa m'mabiyaholo. M'menemo amuna ocokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete ankaonera kanema, kubvina beni, ndi kucita misonkhano ya mabungwe a maliro.

Tsono mwini atafooka, denga linayamba kudontha. Mgodi wa Cam and Motor unatsekedwa m'caka ca 1968, wa Dalny unaima m'caka ca 2013, ndipo fakitale ya nsaru ya David Whitehead, imene inalemba nchito anthu ambiri m'matauni onse awiri, inagwa m'mabvuto akulu. Anthu osowa nchito sakhoza kulipira msonkho wa khonsolo, ndipo khonsolo yosowa ndalama iyamba yaganiza za madzi ndi zimbudzi, makamaka ku Chegutu kumene kolera anapha anthu ambiri m'caka ca 2008.

Kukonzanso malo otere si kupaka utoto kokha ai. Pafunika mpanda, madzi, zimbudzi za amuna ndi za akazi, zipinda zobvalira, ndi kapinga wothiriridwa. Koposa zonsezi pafunika komiti ya anthu a m'lokeshoni momwemo, yosunga buku la ndalama poyera, yoona kuti ana a sukulu, amai ndi magulu a gule apatsidwa masiku ao, ndi kuti mtengo wa pakhomo usapitirire thumba la wanchito.

Adzukulu a amacona aja ali komweko, ndipo ambiri a iwo sadziwa mudzi wina koma komboni limene anabadwiramo. Kwa iwo holo ndilo bwalo la mfumu. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Ndipo denga limene analisenza anthu ambiri, salilekerera kuti ligwe.