Mzungu Amene Anakana Tsankho: Simon Zukas wa ku Ndola

M'masiku a Northern Rhodesia tsankho la khungu linali m'malamulo ndi m'makhalidwe a dziko lonse. Munthu wakuda anali kuyenda ndi citupa. Pa masitolo ambiri anali kugulira pa kazenera ka kumbali, pamene Mzungu anali kulowera pa khomo. Ku migodi nchito za malipiro abwino zinali zosungidwira Azungu okha, ndipo bungwe lao la anchito linali kulondera mwambo umenewu. Cotero ngakhale Mzungu wa mtima wabwino anali kudyerera tsankholo, afune asafune. Nanga munthu wotere akadacita ciani? Moyo wa Simon Zukas uyankha funso limeneli.

Zukas anabadwa mu 1925 ku Lithuania, m'banja la Ayuda, nafika m'dziko lino mu 1938. Coyamba cimene anacita ndico kuphunzira. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anali m'gulu la King's African Rifles, kumene anakhala pamodzi ndi asilikali akuda, naona umo anali kuwapeputsira ngakhale kuti nkhondo inali imodzi. Pambuyo pake anapita ku Cape Town kukaphunzira uinjiniya, pa nthawi imene boma la South Africa linayamba kukhwimitsa malamulo olekanitsa mitundu mu 1948. Kumeneko anazindikira kuti tsankho limangidwa ndi malamulo, ndipo kuti cifundo cokha sicingaligwetse.

Caciwiri ndico kucitapo kanthu. Atabwerera, analowa nchito ya uinjiniya ku kanselo ya Ndola. Masiku amenewo Azungu anali kukonza za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene anthu akuda anacikana poopa kuti ulamuliro udzakhazikika m'manja mwa Azungu ocepa. Zukas sanayambitse gulu lake-lake la Azungu acifundo ai. Anagwirizana ndi anyamata akuda, monga Justin Chimba, m'komiti ya ku Ndola yotsutsa Citaganya, nathandiza kulemba ndi kufalitsa kanyuzi kochedwa Freedom Newsletter. Maphunziro ake anawapereka ku nkhondo imene eni ake anali ataiyamba kale.

Cacitatu ndico kulandira mabvuto ake. Nchito inamthera. Mu 1952 boma linamgwira, linamsunga m'ndende ku Livingstone miyezi 8, ndipo potsiriza linampitikitsira ku Britain. Citaganya cinakhazikitsidwabe mu 1953, koma iye sanaleke kucitsutsa ali ku London, kufikira cinatha mu 1963. Zambia atalandira ufulu mu 1964, Zukas anabwerera, nakhala nzika ya dziko lino. Pambuyo pa masankho a 1991 anakhala nduna m'boma, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 96.

Ufulu wa Zambia anaumenyera ndi ana a Zambia, ndiwo amene anacuruka m'ndende ndi m'manda. Koma mbiri ya Zukas ionetsa cimene munthu wokonderedwa ndi malamulo oipa angathe kucita: kumvetsera kwa obvutikawo, kuima pambali pao osalanda utsogoleri, ndi kulola kutaya zabwino zimene khungu lake linampatsa. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Myuda amene anacoka ku Ulaya nkhondo ya Hitler iri pafupi anali kuwadziwa bwino mau amenewa.