Chingwe chikafika ku Liwonde ndi ku Balaka, ntchito yaikulu imatsalira m'kati mwa nyumba

Maboma a Machinga ndi Balaka, omwe adali boma limodzi mpaka m'chaka cha 1998 pamene Balaka adaima payekha, ali pamalo pomwe njira zikuluzikulu za dziko lino zimakumana. Njanji yochokera ku doko la Nacala imalowera pa Nayuchi n'kudutsa pa Liwonde mpaka pa Nkaya, ndipo pa Phombeya pali siteshoni ya ESCOM pomwe pamayambira mawaya a magetsi a 400kV opita ku Nkhoma. M'zaka zaposachedwapa padaonjezereka njira ina yomwe anthu ambiri saiona, ya zingwe za fibre zonyamula uthenga pogwiritsa ntchito kuwala, makamaka kudzera mu ntchito ya National Fibre Backbone yomwe kampani ya Huawei idagwira ndi ngongole yochokera ku China pofuna kulumikiza maboma onse 28, komanso ntchito ya Digital Malawi yomwe World Bank idavomereza m'chaka cha 2017 ndi ndalama zokwana madola 72.4 miliyoni. Komabe chingwe chimathera pakhoma la ofesi, ndipo kuti kalaliki wa kukhonsolo kapena namwino wa kuchipatala apindule nacho zimatengera mmene makina a m'kati mwa nyumbayo adakonzedwera.

Makina oyamba pa ntchitoyi ndi switch, bokosi lokhala ndi timabowo tambiri momwe mumalowa zingwe zochokera ku makompyuta, maprinta ndi zida zofalitsa Wi-Fi. Chida chilichonse chimakhala ndi nambala yakeyake yochokera kufakitale, yotchedwa MAC address, ndipo switch imaloweza nambala yomwe ili pabowo lililonse kuti uthenga upite kwa mwini wake yekha. Vuto ndi lakuti switch yongotulutsidwa m'katoni n'kulumikizidwa imaika zida zonse m'gulu limodzi, kotero kuti pachipatala chachikulu ngati cha boma la Machinga, chomwe chili ku Liwonde, makina osunga mbiri ya odwala, kompyuta yotumizira malipoti a mwezi ndi mwezi mu DHIS2, ofesi ya zachuma ndi foni ya munthu aliyense wodziwa mawu achinsinsi a Wi-Fi zikhoza kumaonana popanda chotchinga. Njira yopewera zimenezi ndi VLAN, kutanthauza kugawa switch imodzi m'magulu angapo osamvana pokhapokha atadutsira pamalo oyang'aniridwa. Katswiri amauza makinawo kuti mabowo asanu ndi atatu oyamba ndi a gulu la mbiri ya odwala, otsatira ndi a zachuma, ndipo otsalawo ndi a alendo, kenako chingwe chimodzi cholumikiza switch ziwiri, chotchedwa trunk, chimanyamula magulu onse pamodzi, uthenga uliwonse utamatidwa nambala ya gulu lake motsata muyezo wa 802.1Q, womwe umalola magulu okwana 4,094. Bungwe la m'boma silifuna magulu ochuluka chotero, koma kukhala ndi gulu limodzi lokha, pamene makinawo adagulidwa ali kale ndi luso logawa, n'kunyalanyaza komwe sikungakhululukidwe ndi dandaulo la kusowa kwa ndalama.

Ngozi ina imabadwira pomwepo, ndipo kawirikawiri imayamba ndi munthu wa mtima wabwino. Wogwira ntchito akaona chingwe chikulendewera kuseri kwa tebulo, amachilowetsa m'bowo lomwe waliona lopanda kanthu, osadziwa kuti mbali ina ya chingwecho ili kale m'switch yomweyo. Apo uthenga wolengezedwa kwa zida zonse umayamba kuzungulira mosalekeza n'kumachulukana, timagetsi tonse ta pa switch timaphethira nthawi imodzi mothamanga, ndipo pakangopita masekondi ochepa palibe kompyuta yomwe imatha kulankhula ndi inzake, ngakhale intaneti yochokera kunja ili bwinobwino. Mayi Radia Perlman ndiwo adapeza yankho m'chaka cha 1985 popanga ndondomeko ya Spanning Tree Protocol, momwe ma switch amasankha imodzi kukhala tsinde, n'kutseka njira iliyonse yomwe ingapange mkombero, koma n'kuisunga kuti itsegulidwe njira yoyamba ikaduka. Ndondomeko yakaleyo inkatenga masekondi 30 mpaka 50 kuti isinthe njira, pamene yatsopano ya m'chaka cha 2001, yotchedwa Rapid Spanning Tree, imatero m'masekondi owerengeka. Chofunika kwambiri ndi chakuti katswiri asankhe yekha switch yokhala tsinde, chifukwa akaisiya nkhaniyi m'manja mwa makina, udindowo umagwera chida chokhala ndi nambala yotsika kwambiri, chomwe chikhoza kukhala chakale ndi chofooka kuposa zonse m'nyumbamo.

Uthenga wotuluka kunja kwa gulu lake umafika pa router, yomwe ntchito yake ikufanana ndi ya pamphambano ya njanji ya pa Nkaya, pomwe sitima imalozedwa njira ya ku Limbe, ya ku Salima kapena ya ku Moatize malinga ndi komwe katundu wake akupita. Router imawerenga adiresi ya IP ya komwe uthenga ukupita n'kuifananiza ndi mndandanda wa njira zomwe ikuzidziwa. Ofesi yaing'ono yokhala ndi potulukira pamodzi imakwanira ndi njira yolembedwa pamanja, koma bungwe lokhala ndi nthambi ku Ntaja, ku Ulongwe ndi ku Phalula, kapena lolumikizidwa ku likulu la boma ku Lilongwe kudzera mu Government Wide Area Network, limapindula ndi ndondomeko ngati OSPF, momwe ma router amauzana okha za njira zomwe zilipo n'kuwerengera yotsika mtengo pogwiritsa ntchito masamu omwe Edsger Dijkstra adafalitsa m'chaka cha 1959. Ma router oyandikana amapatsana moni masekondi 10 aliwonse, ndipo mnzawo akakhala chete masekondi 40 amamuyesa kuti wafa n'kufuna njira ina. Pakati pa makampani opereka intaneti pamagwira ntchito ndondomeko ina yotchedwa BGP, yomwe imathandiza kuti uthenga wochokera pa netiweki ina ya m'dziko muno kupita pa inzake usinthanidwe pa Malawi Internet Exchange ku Blantyre, yomwe idayamba m'chaka cha 2008, m'malo mozungulira kaye maiko akunja.

Kufuna njira ina kumakhala ndi phindu pokhapokha njirayo ilipodi, ndipo apa ndi pomwe mabungwe ambiri amadzinamiza. Kulipira makampani awiri sikutanthauza kukhala ndi njira ziwiri ngati zingwe zawo zikuyenda pamitengo imodzi kapena zikuoloka Shire pamlatho umodzi, popeza chomwe chingadule chimodzi chidzadulanso chinzake. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adaonetsa mmene misewu, milatho ndi mawaya a m'chigawo cha kummwera zimaonongekera nthawi imodzi. Choncho njira yachiwiri iyenera kukhala ya mtundu wina, monga netiweki ya mafoni ya TNM kapena Airtel, ndipo iyenera kuyesedwa mwadala pozula chingwe chachikulu masana dzuwa likuswa mtengo, akatswiri ali pomwepo, kuti zofooka zake zidziwike mvula isanagwe. Popeza njira ya foni imakhala yopapatiza komanso yodula, router iyeneranso kuuzidwa kuti panthawi yotere idzipititsa uthenga wa zachuma ndi wa odwala poyamba.

Kusefa uthenga ndi gawo lomwe limamvedwa molakwika kwambiri, chifukwa m'maofesi ambiri limangotanthauza kutseka Facebook ndi YouTube nthawi ya ntchito, chomwe ndi chaching'ono pa zonse. Sefa weniweni ndi mndandanda wa malamulo, wotchedwa access control list, womwe router kapena firewall imawerenga kuyambira pamwamba kutsika, n'kutsata lamulo loyamba logwirizana ndi uthengawo, ndipo pa makina ambiri uthenga womwe sudatchulidwe paliponse umakanidwa. Chifukwa cha ichi, dongosolo la mizere ndi lofunika ngati mawu ake, pakuti mzere wolola zonse ukaikidwa pamwamba, mizere yonse yoletsa yomwe ili pansi pake siigwiranso ntchito. Mndandanda wabwino umanena momveka kuti makompyuta a ofesi ya zachuma okha ndiwo angafike pa makina oyendetsera ndalama za boma a IFMIS, kuti gulu la alendo lingatuluke kupita pa intaneti koma lisayandikire server iliyonse ya m'nyumba, ndiponso kuti makina a netiweki angasinthidwe kuchokera pa kompyuta imodzi yodziwika. Mu Meyi 2017 kachirombo ka WannaCry kadasokoneza zipatala za ku Britain poyenda kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina kudzera pakhomo la nambala 445, lomwe makompyuta a Windows amagawanirapo mafailo, ndipo khomo limeneli likatsekedwa pakati pa magulu, kachirombo kotere kamathera m'gulu lomwe kalowera. Dziko lino lili ndi maphunziro akeake: kusolola ndalama za boma kwa m'chaka cha 2013, kotchedwa Cashgate, kudachitika kudzera mu IFMIS ndi anthu omwe adali ndi mwayi wolowamo, ndipo kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera idaima pamene boma lidalengeza kuti makina ake adalowedwa ndi akathyali. Sefa sangaletse munthu wololedwa kuchita chinyengo, koma kaundula wa yemwe adalowa, nthawi yake ndi kompyuta yake, akamasungidwa pa makina ena omwe wolakwayo sangawafike, amasiya umboni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 ndi la Data Protection la 2024 apangitsa kuti kuteteza mbiri ya anthu kukhale udindo wa bungwe pamaso pa malamulo.

Zonsezi zimakhala m'mizere ya malamulo yolembedwa m'makina, ndipo pa router ndi switch zambiri zomwe katswiri wasintha zimafufutika magetsi akazima ngati sadazisunge ndi lamulo lapadera, chinthu choopsa kudera komwe magetsi amathimathima, mphenzi zimaomba m'dzinja ndiponso kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumafooketsa mabatire a UPS msanga. Chovuta kwambiri chimabwera kontrakitala wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe akamaliza ntchito n'kupita ndi mawu achinsinsi, n'kusiya wa zamakompyuta wa pamalopo akuyang'anira makina omwe sangathe kuwatsegula. N'chifukwa chake khonsolo, chipatala kapena banki yogula netiweki iyenera kulemba m'pangano kuti malipiro omaliza adzatuluka ikalandira chithunzi cha netiweki yonse, mndandanda wa ma VLAN ndi maadiresi, makope a malamulo a chida chilichonse, mawu achinsinsi omatidwa mu envulopu, zingwe zolembedwa maina mbali zonse ziwiri, komanso maphunziro a anthu osachepera awiri a pamalopo.