Bwerani nawo kumsika makina oonera tizilombowo!

Loweruka lina ndinasiya benchi yanga ya tomato m'manja mwa alamu anga n'kulondola mwana wanga wa Sitandade 6 kusukulu kwawo. Ati kwabwera anyamata ndi atsikana a ku yunivesite kudzaonetsa zasayansi. Kunena zoona, ine ndinapita mokokedwa. Tsiku la malonda ngati limenelo munthu n'kukaonerera masewera a ana?

Titafika, mtsikana wina anadontheza kadontho ka madzi a m'ngalande pakagalasi, n'kuika pansi pa makina otchedwa maikulosikopu. Nditasuzumira, abale inu, thupi lonse linachita tsembwe. Tinthu tikuyendayenda, tina tikuzungulira ngati minibasi zolimbirana anthu pa siteji!

"Awatu ndi akuluakulu, mayi," anatero mtsikanayo akuseka. "Toyambitsa taifodi n'tating'ono kuposa apa. Timachoka m'chimbudzi cha wodwala n'kulowa m'madzi ndi m'zakudya."

Pompo ndinakumbukira chidebe chomwe ndimawazira tomato kuti azioneka wowala. Madzi ake sindinafunsepo kuti anyamata otunga aja amawatenga kuti.

Zoterezi si zachibwana ayi. Mukukumbuka 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika mu Blantyre muno? Anthu anaphedwa pongowaganizira. Chaka chotsatira, mu 2018, akatswiri a College of Medicine, yomwe pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, pamodzi ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome, anayamba kuyesa katemera wa taifodi ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Taganizani, kupempha kholo kuti libayitse mwana nkhani ya magazi ija isanazizire! Komabe makolo anabweretsa ana oposa 28,000, ndipo kunapezeka kuti katemerayo amachepetsa matendawa ndi magawo pafupifupi 8 pa 10 alionse. Mu 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse.

Ine ndimati kholo limavomera likalankhulidwa ngati munthu, m'chinenero chake, osati kumangoona magalimoto oyera akudutsa mawindo ali otseka.

Koma dandaulo ndili nalo. M'kalasi muja makolofe tinalimo owerengeka chabe. Ena onse anali pomwe mukudziwa: pa okala, pa kaunjika, pa chiwaya cha tchipisi. Wogulitsa usipa sangatseke malonda theka la tsiku chifukwa cha sayansi, ana adya chiyani madzulo? Chonsecho ndife timagwira chakudya cha tauni yonse.

Ndiye inu ophunzira, nyamulani makinawo mudzawaike pakati pa msika, pafupi ndi mpopi. Kambiranani ndi a komiti ya msika, tebulo tikubwerekani.

Mwana uja kuyambira tsikulo sandipatsa mpata. Ndikangogwira chidebe amafunsa, "Amayi, mwathiramo kulorini?" Ndipo tsopano akuti akakula akufuna kukagwira ntchito mu labotale. Fizi yake nanga?