MWANA WA KU MGODI WA GEDULD AMENE ANAKHALA WOIMBITSA WOMVEKA

Abale athu a ku migodi ndi a ku mapulazi, ambiri a inu mudziwa dzina la Geduld, mgodi wa golide wa kufupi ndi Springs, m'dera la East Rand limene lero licedwa Ekurhuleni. Dzina limeneli m'cinenero ca Mabunu litanthauza kudekha. Kumeneko kunabadwa mwana wa Mzungu dzina lace Anton Hartman pa 26 October 1918, ndiye amene tifuna kukuuzani mbiri yace.

Atate wace anali munthu wa nchito ya mumgodi, ndipo banja lao linali losauka. Amace ndiwo anali mphunzitsi wa piyano, naimbanso m'nyumba za baisikopo masiku aja zithunzi zisanayambe kulankhula. Mwanayo anayamba kuphunzira piyano kwa amace, ndipo atakula analowa sukulu yaikuru ya Witwatersrand ku Joni. Kumeneko anaphunzitsidwa ndi Bwana Percival Kirby, yemwe uja analemba buku la ng'oma, malimba ndi zoimbira zina za anthu akuda m'caka ca 1934. Hartman anatsiriza maphunzirowo mu 1939, nalembedwa nchito ku nyumba ya wailesi ya SABC caka comweco.

Tsono tiyambe tafotokoza nchito ya woimbitsa. Gulu limene Azungu alicha okestra liposa bandi ya malipenga imene muidziwa, pakuti nthawi zina mukhala anthu 80 kapena kuposa. Ena aimba mavayolini, amene afanana ndi kaligo wa kwathu koma ali ndi nsambo zinai. Ena aomba zitoliro ndi malipenga. Ena aomba ng'oma. Yense ali ndi pepala la mbali yace yokha, koma woimbitsa ndiye ali ndi buku la mbali zonse. Iye aimirira patsogolo ndi kandodo m'dzanja, nasonyeza poyambira, pofulumira, pofatsa ndi polekeza. Iye mwini satulutsa liu, koma akasokoneza ndiye kuti onse asokera. Nchito yaikuru icitika pokonzekera, pamene abwereza malo amodzi kawiri katatu kufikira onse amvana. Amene munabvinapo malipenga kapena mganda mudziwa kuti gule wa anthu ambiri sakoma popanda mmodzi womuyang'anira.

Luso lotere silibwera msanga. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Hartman anakhala zaka khumi pa wailesi, ndipo mu 1950 anaoloka nyanja kunka ku Vienna, m'dziko la Austria, kumene anaphunzira kwa oimbitsa omveka, monga Clemens Krauss. Atabwerako anakwera pang'ono pang'ono, kufikira anakhala mkuru wa zoimba zonse za SABC, ndiponso woimbitsa wamkuru wa okestra yace. Anacita cangu kuimbitsa nyimbo zopekedwa ndi anthu a m'South Africa momwemo, naitananso akatswiri a maiko akutali.

Koma pano pali mau oyenera kuwalingalira. Khomo limene linatsegukira mwana wa Mzungu wa mumgodi linali lotsekeka kwa mwana wa munthu wakuda wogwira nchito mumgodi womwewo. Lamulo la migodi la 1911 linasungira Azungu nchito za malipiro abwino, ndipo kuyambira 1948 boma linalimbitsa tsankho m'sukulu, m'malo okhala ndi m'nyumba zoimbiramo. Hartman mwini anali wa m'bungwe lobisika la Mabunu lochedwa Broederbond, limene linacirikiza boma lija. M'masiku amenewo okestra ya SABC inali ya Azungu okha okha, ndi omvera ace m'nyumba zazikuru za ku Joni momwemonso.

M'mwezi wa May 1962 kunafika mlendo woitanidwa ndi SABC, ndiye Igor Stravinsky, wopeka nyimbo wobadwira ku Russia, nkhalamba yoyandikira zaka 80, pamodzi ndi womthandiza wace Robert Craft. Mkuluyo anapempha kuti anthu akuda amveko nyimbo zace iwonso. Cotero okestra inanyamuka ndi zoimbira zace kunka ku KwaThema, lokesheni ya anthu akuda ya ku Springs yomangidwa mu 1951, ndipo anthu a kumeneko anamva ndi makutu ao cimene anawamana nthawi yonse. Taonani abale, nyimbo zija zinafika m'dera lomwelo limene anabadwira Hartman, koma kuti zifike kwa akuda panafunika pempho la mlendo wocokera kutsidya la nyanja.

Hartman anacoka ku SABC nakhala mkuru wa maphunziro a nyimbo pa sukulu yace yakale ya Witwatersrand mu 1978. Anamwalira pa 3 February 1982, ali ndi zaka 63.

Musayese kuti anthu akuda anangokhala manja lende kudikira. Khabi Mngoma, wobadwa mu 1922, anayambitsa bungwe la oimba la Ionian ku Joni, naphunzitsa ana akuda vayolini ndi kuwerenga mapepala a nyimbo, ngakhale analibe cuma ca boma monga anali naco Hartman. Mwana wace wamkazi, Sibongile Khumalo, anakhala woimba womveka dziko lonse.

Anthu awiriwa onse anayamba ali ana, ndipo onse anapeza wowaphunzitsa. Cifukwa cace inu amene mutumiza ndalama kumudzi, mukamva kuti mwana wanu ali ndi khutu la nyimbo, musamletse ai. Malamulo aja otseka khomo anatha, ndipo kuyambira 1994 anthu onse a m'dzikomo asankha boma pamodzi. Catsala ndico kuti mwanayo apeze mphunzitsi, ndi kuti akuru amlimbitse mtima.