Buku loyambira pophunzitsa kayalidwe ka zilembo: lisankhidwe bwanji?

Amene akuyamba kuphunzitsa typography, luso loyala zilembo patsamba, nthawi zambiri amauzidwa mabuku awiri: Thinking with Type la Ellen Lupton, lomwe linatuluka mu 2004, ndi The Elements of Typographic Style la Robert Bringhurst, la mu 1992. Kwa wongoyamba kumene, ine ndingasankhe la Lupton. Lili ndi zithunzi zambiri, ndipo limayambira pa chilembo, kenako ndime, kenako tsamba lonse. La Bringhurst ndi lakuya, koma mukalipereka sabata yoyamba, ena athawa kalasi. Lisungeni ngati la aphunzitsi.

Koma vuto lake nali: mabukuwa analembedwa poganizira Chingerezi ndi zinenero zina za ku Ulaya. Bringhurst amati mzere wowerengeka bwino uzikhala ndi zilembo pakati pa 45 ndi 75. Zabwino ndithu. Nanga mawu ngati "sindinakawafotokozere", omwe paokha ndi zilembo 21? Chichewa chimamata nthawi, mchitantchito ndi mchitidwantchito ku tsinde la mneni, ndiye mumzere wopapatiza wa nyuzipepala mawu atatu okha adzaza, pakati n'kutsala mipata ikuluikulu.

Mukati kompyuta idule yokha mawu, imatsata malamulo a Chingerezi. Ikhoza kulemba "mphun-zitsi", chonsecho maphatikizo athu amathera pa lembo la liwu: mphu-nzi-tsi. Palibe buku mwa awiriwa lomwe lingamuuze wophunzira zimenezi.

Palinso ŵ, amene ma font ambiri okongoletsa alibe, moti pamalo pake pamangotuluka kabokosi. Ndiye pali kachizindikiro ka mu ng'. Kakasowa, ng'oma yoimba ija yasanduka ngoma, nyama yam'tchire. Si nkhani yongokongoletsa ayi.

Ndiye posankha buku, funso langa loyamba ndi lakuti: kodi zochita zake zingatheke m'Chichewa? La Lupton limalola, chifukwa mutha kuchotsa ndime ya Chingerezi n'kuikapo yanu, mwachitsanzo chidziwitso cha maliro kapena cha katemera. Pambali pake ikani Afrikan Alphabets la Saki Mafundikwa wa ku Zimbabwe, nalonso la mu 2004. Siliphunzitsa kuyala tsamba, koma limaonetsa kuti Afirika ili ndi zilembo zakezake. Mukafika pamenepo, atchulireninso zilembo zomwe a Nolence Mwangwego anapanga konkuno ku Malawi, ndipo muwapatse ntchito yoziyerekeza ndi zomwe timalembera tsiku ndi tsiku.