Groto ya paparishi ilibe mankhwala

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa mbiri ya Mpingo, ndipo funso limene akhristu a kuno ku Kayelekera satopa nalo ndi lokhudza groto, kaphanga ka miyala kokhala ndi chifanizo cha Amayi Maria kamene timakaona m'maparishi. Kali ndi mphamvu yanji? Ena amafika ponena kuti ndi kachisi wa mizimu amene tangomubatiza. Miyalayo ilibe mphamvu, ndipo Mpingo sunaphunzitsepo kuti ili nayo.

Groto zambiri zimatsanzira phanga la Massabielle ku Lourdes, m'dziko la France. Pa 11 February 1858, Bernadette Soubirous, mtsikana wa zaka 14 wa m'banja losauka, anapita kumeneko kukatola nkhuni. Anabwerako n'kunena kuti waona mayi ataimirira pamphako ya thanthwe, ndipo pofika pa 16 July anali atamuona ka 18. N'chifukwa chake amisiri amaika chifanizo cha Maria m'mwamba chakumbali, cha Bernadette chogwada pansi. Episkopi wa ku Tarbes sanathamange: anafufuza mpaka 1862 asanavomereze kuti mayiyo anali Maria.

Kupemphera kuphanga kunayamba kale Lourdes asanatchuke. Eliya anabisala m'phanga paphiri la Horebu. Tchalitchi cha ku Bethlehem chinamangidwa pamwamba pa phanga limene akhristu oyamba ankati Yesu anabadwiramo, ndipo Benedikto Woyera anakhala zaka 3 m'phanga ku Subiaco. Kuphanga kulibe phokoso, munthu amatsala yekha ndi Mulungu wake.

Komatu si groto iliyonse imene ndi malo a ulendo wamapemphero. Lamulo la Mpingo nambala 1230 limafuna zinthu ziwiri: akhristu ambiri azipitako pa chifukwa chenicheni cha chipembedzo, ndiponso episkopi wa deralo avomereze. Kwathu kuno ndiye kuti Ambuye Martin Mtumbuka a dayosizi ya Karonga, imene inakhazikitsidwa mu 2010. Masomphenya sali pamndandandawo. Anthu amakwera Njira ya Mtanda paphiri la Michiru ku Blantyre chifukwa chofuna kupemphera, osati chifukwa wina anaonako kanthu.

Pamene mtima wanga umagunda kwambiri ndi pankhani ya madzi. Ife okhala pafupi ndi mgodi wa uranium, umene unatsegulidwa mu 2009, tikudziwa kuti mwala umatha kusunga zinthu zosaoneka ndi maso. Kasupe wa ku Lourdes anayezedwa mu 1858 momwemo ndi katswiri wa ku Toulouse, Édouard Filhol, ndipo anapeza kuti ndi madzi akumwa wamba. Kuyambira 1883 ku Lourdes kuli ofesi ya madokotala younika onse onena kuti achira. Mwa anthu oposa 7,000 amene anakadzinenera, Mpingo wavomereza ongopitirira pang'ono 70.

Choncho wina akadzabwera kumphakati n'kuti wapeza kasupe woyera m'phanga la m'mapiri a kumtsinje wa Sere, musathamangire zigubu. Uzani bambo mfumu, ndipo a zaumoyo ayeze madziwo munthu asanamwe. Dalitso la wansembe silisefa madzi. Amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB apite ku groto ndi kolona m'manja, akapemphere ndi mtima wonse, koma tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala asalidumphe.