Tisanamasule Thumba la Ngongole

Anthu a ntchito yanga, ife amene timayang'anira ngongole za alimi ndi za ochita malonda ang'onoang'ono, timalandiridwa kawiri pamudzi: koyamba ndi nthungululu, pamene tabwera ndi mafomu olembera maina, ndipo kachiwiri ndi zitseko zotseka ndi ana otumidwa kudzanena kuti bambo adapita kumaliro ku Dedza, pamene tabwera kudzafunsa za kubweza. Sindikudandaula nazo, pakuti ntchitoyi ndi mmene iliri. Koma popeza nkhani ya thumba la ngongole zotukulira malonda siichoka pakamwa pa anthu m'misonkhano ya chitukuko, kuyambira ku Malingunde kwa Mfumu Masumbankhunda kufikira pamsika wa Mitundu ndi pamsewu waukulu pa Nathenje, ndayesa kuti n'kwabwino ndiyale poyera zimene ife timakambirana kuseri, kuti eni ndalamazo, amene ndinu owerenganu, mudziwe chimene chimapha thumba lotere ndi chimene chimalisunga ndi moyo.

Thumba la mtundu umenewu, kaya lachokera ku khonsolo ya boma la Lilongwe, kaya ku boma lalikulu, kaya kwa abwenzi a kunja, silisiyana ndi chimanga cha mbewu chimene amayi amapachika kutsindwi: chikabzalidwa chimabwerera chochuluka, koma chikakazingidwa m'mwezi wa njala, ngakhale pa chifukwa chomveka ndi chomvetsa chisoni, chaka chamawa munda ugona. Ndalama imene mayi wogulitsa matimati pa Nathenje abweza lero ndiyo imene kalipentala wa pa Mitundu adzakongola mawa, kotero kuti wosabweza, ngakhale adzinyenge kuti wadyera boma, wadyera mnansi wake amene wayima pambuyo pake pamzere. N'chifukwa chake malamulo a thumba amalembedwa ndi kuwerengedwa pabwalo ndalama zisanafike, aliyense asanadziwe ngati iye adzapindula nawo kapena adzapwetekedwa nawo, pakuti pa nthawi imeneyo mitima imakhala idakali yolungama. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Dera lathu lino silachilendo pa nkhani ya ngongole, ndipo akuluakulu amene akuwerenga angandichitire umboni. Chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chidayamba m'chaka cha 1968 ndi thandizo la World Bank, ndicho chidazoloweretsa alimi a m'chigwa chino kukongola feteleza ndi mbewu. Ndipo m'kupita kwa nthawi ngongolezo zidayamba kuperekedwa kudzera m'makalabu, pa lamulo lakuti mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse imanidwe chaka chotsatira. Kwa zaka zambiri ngongole zoposa 90 pa 100 zilizonse zinkabwerera, ngakhale tisabise kuti mantha a masiku a chipani chimodzi adathandizapo, popeza mbuzi ndi katundu wa m'nyumba zinkalandidwa popanda wotsutsa. Bungwe la SACA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1988 kuti lisenze ngongole zonsezi pamodzi, lidakumana ndi chilala cha 1992. Ndipo pamene dziko linkalowa mu referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, mawu adayenda m'midzi akuti ngongole za boma lakale n'zosabweza, mwakuti chimene chidamangidwa kwa zaka zoposa 20 chidagwa m'nyengo ziwiri kapena zitatu zokha. M'malo mwake mudalowa Malawi Rural Finance Company mu 1994. Mu 2005 kudabwera thumba la ngongole la MARDEF ndi K5 biliyoni yake, pambuyo pake YEDEF ya achinyamata, ndipo ziwirizi zidalowa mu MEDF mu 2014, imene idapatsidwa dzina la NEEF mu 2020. Maina asintha kangapo, koma dandaulo limene lamveka pa lililonse la iwo ndi limodzi: kuti ngongole ikangonunkha ndale, wokongola amaiyesa mphatso yothokozera voti.

Tsono lamulo loyamba, limenenso lili lolemera koposa onse, ndi lonena za amene ali ndi mphamvu yakuvomera ndi kukana. Apa ndilankhule nditagwada, pakuti ndikunena za mafumu athu, aphungu ndi makhansala, amene ulemu wawo sindiuchepsa ngakhale pang'ono. Mfumu ichitire umboni kuti munthu uyu ndi wa m'mudzi mwake, kuti pakhomo pake n'podziwika, ndi kuti si wothawathawa. Phungu ndi khansala amenyere nkhondo thumbalo ku khonsolo ndi ku Nyumba ya Malamulo, afunsenso malipoti ake mwaukali. Koma posankha wokongola asakhalepo, ngakhale kalata yawo isafike. Kusankhako kukhale kwa komiti yaing'ono ya anthu asanu kapena asanu ndi awiri, amayi ndi abambo, odziwa malonda ndi kuwerengera, osankhidwa kwa zaka zowerengeka, amene iwo eni saloledwa kukongola akadali pa mpando, ndipo amatuluka m'chipinda pamene pempho la m'bale wawo likukambidwa. Ambiri amayesa kuti lamulo lotere n'lonyoza akuluakulu, koma ine ndaona kuti limawapulumutsa: gulupu amene mphwake wamugwira mwendo usiku amatha kunena moona kuti ilo si bwalo lake, ndipo msungichuma amene wachezeredwa ndi munthu wolemekezeka amangotsegula buku namuonetsa mzere umene ukumanga manja ake. Popanda mzere umenewo amavomera chifukwa cha manyazi, ndipo mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Za oyenera kukongola sindichulutsa mawu. Akhale ndi chitupa cha unzika, akhale wa m'deralo, ndipo malonda ake akhale oyenda kale kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, chifukwa ngongole imakulitsa malonda amene alipo, koma kawirikawiri siibala malonda mwa munthu amene sadagulitsepo ngakhale mulu wa tomato. Woyamba kumene athandizidwe ndi maphunziro ndi kampamba kochepa, akabweza bwino akwere. Malamulo atchulenso malonda amene thumba silidzawakhudza. Kuno kwathu oyamba ndi makala a m'nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu pa Malingunde pomwepa. Kungakhale kupusa kuti ndalama ya chitukuko igule nkhwangwa youmitsira madzi amene mzinda wonse ukumwa. Ndiponso amene adzapempha ngongole yomangira nyumba zogona alendo chifukwa cha miyala ya graphite imene kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia idapeza m'nthaka ya Malingunde, afunsidwe mwaulemu kuti adzabweza ndi chiyani mwezi wamawa, pakuti mgodi ndi nkhani ya zaka, pamene tsiku lobwezera silidikira.

Ndifike tsopano pa chiwongoladzanja, pamene anthu amatida koposa, ndi pamene anzanga ena a ntchitoyi amakonda kusiya mdima. Pa msonkhano uliwonse amaimirira munthu wa mtima wabwino nanena kuti, popeza thumbali ndi la amphawi, chiwongoladzanja chikhale chochepa kwambiri kapena chisakhalepo. Ndipo anthu amawomba m'manja, osazindikira kuti aweruza thumbalo kuti life. Taganizani: mwakongoza K100,000, ndipo pakutha chaka yabwerera K110,000, wokongola sadaphonye ngakhale tsiku limodzi, koma ngati m'chaka chomwecho mitengo yakwera ndi 30 pa 100, monga idakwerera pafupifupi chomwecho mu 2024, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, katundu amene adali K100,000 wafika pa K130,000, ndipo thumba lachepa ngakhale palibe adaba. Onjezanipo mafuta a njinga yamoto ya woyendera ngongole, mabuku, ndi ngongole zina zimene sizidzabwerera ngakhale mutachita chotani, pakuti imfa ndi moto sizisankha. Chiwongoladzanja cholungama ndi chimene chikwirira zonsezi popanda kufuna phindu la munthu. Ndipo ngakhale chioneke chachikulu pa pepala, chimakhalabe chaching'ono pochiyerekeza ndi cha banki mkhonde, kumene magulu ambiri amalipiritsana 10 kapena 20 pa 100 pamwezi, osanenanso za katapila amene amafuna theka la ndalama kapena yonse pamwamba mwezi ukatha.

Koma pali chinsinsi china chimene wokongola aliyense ayenera kuchidziwa asanadinde chala, ndicho kawerengedwe kake. Tinene kuti mwakongola K120,000 yobweza m'miyezi 12, K10,000 mwezi uliwonse, pa chiwongoladzanja cha 3 pa 100 pamwezi. Wokongoza wina amawerengera 3 ameneyo pa K120,000 yonse mwezi uliwonse mpaka kumapeto, ngati kuti simudabwezeko kanthu, ndipo mumalipira K43,200 pamwamba. Wina amawerengera pa ndalama yotsala yokha, imene imanka ichepa mwezi ndi mwezi, ndipo mumalipira K23,400. Onse awiri adakuuzani 3 pa 100, ndipo palibe adanama; koma kusiyana kwake ndi K19,800, ndalama yogulira katundu wina wa mu okala. Malamulo a thumba la anthu anene poyera kuti chiwongoladzanja chiwerengedwa pa yotsala, ndipo pa fomu palembedwe m'Chichewa, ndi manambala akuluakulu, ndalama yonse imene munthu adzatulutsa kufikira tsiku lomaliza, pamodzi ndi ya fomu ndi ya inshuwalansi.

Nthawi yobwezera itsate mpweya wa malondawo, chifukwa ngongole zambiri zimene ndaziona zikufa zidafa ndi kalendala, eni ake ali ndi mtima wofuna kubweza. Mayi wopikula matimati ndi anyezi m'madimba amatembenuza ndalama yake sabata iliyonse, ndipo kumupatsa chaka chathunthu ndiko kumuika m'mayesero. Abweze pang'onopang'ono, kawirikawiri. Wogula mtedza ndi soya pa Mitundu ndalama yake imagwira ntchito kuyambira Epulo kufikira Ogasiti, ndipo ngongole imene yamufika mu Seputembala, chifukwa mafomu adagona pa tebulo, yasanduka kale ndalama ya fizi ndi ya ndiwo. Mwini chigayo kapena wowotcherera zitsulo, amene wagula makina, afunika zaka ziwiri ndi miyezi ingapo yopumira poyamba, poganiziranso kuti magetsi akazima makina sabala. Ndipo onsewa amapuma movutika mu Januwale ndi Febuluwale, pamene makasitomala awo alibe kanthu m'thumba, kotero kuti lamulo lanzeru limachepetsa zobweza m'miyezi imeneyi ndi kuzikweza nthawi yokolola. Komiti nayonso idzimange ndi lamulo: pempho liyankhidwe m'masiku 30, ndipo wokanidwa auzidwe chifukwa chake m'kalata.

Chikole chili ndi pake, koma kuno kwa Achewa chimafuna kusamala. Munda wa makolo ndi wa mbumba, ndipo mkamwini amene waulonjeza popanda mkazi wake ndi malume a mkaziyo walonjeza chinthu chimene sichili chake. Mlandu wotere umatha zaka pabwalo, thumba lili kudikira. Lamulo la Personal Property Security Act la 2013 lidatsegula njira yoti katundu wosunthika, monga makina osokera, njinga yamoto ya kabaza, ngolo kapena ng'ombe, alembetsedwe ngati chikole, ndipo kwa amene alibe zoterezi, gulu la anthu asanu odziwana ndi kuimirana limakwanira pa ngongole zazing'ono, malinga adzisankhe okha. Pakhale zinthu zosalandidwa konse. Chilamulo cha Mose chidaletsa kutenga mphero ngati chikole, popeza ndiyo moyo wa banja, ndipo chidalamula kuti chofunda cha waumphawi chibwezedwe dzuwa lisanalowe. Thumba la anthu lisatsike pansi pa muyeso umenewo mwa kunyamula mapoto, mabulangete kapena malata a nyumba yogonamo ana.

Ife a ntchitoyi sitiyesa thumba ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zatuluka, ngakhale ndizo zimakoma kulengeza pa wailesi. Timatenga ngongole iliyonse imene yachedwa masiku oposa 30, n'kuwerenga ndalama yonse yotsala pa iyo, osati gawo lochedwalo lokha, n'kuiyerekeza ndi ndalama zonse zimene zili kunja. Ikapitirira 5 pa 100 timati thumba layamba kudwala. Ndipo uphungu wanga ngwakuti malamulo anene kuti ikafika 10, kukongoza kwatsopano m'dera limenelo kuime kufikira zitakonzeka. Nambala imeneyi, pamodzi ndi ndalama zolowa ndi zotuluka, ikhomedwe pa bolodi pamsika miyezi itatu iliyonse, iwerengedwenso pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha dera. Ndalama zenizeni zisagone m'nyumba ya munthu: zidzere ku banki kapena pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, pamene chilichonse chimasiya phazi, ndipo potulutsa pasainidwe ndi anthu awiri osachepera.

Chotsala ndi tsoka, limene lidzafika ndithu, monga lidafikira mu 1992. Wokongola akamwalira, kandalama ka inshuwalansi kamene adadula pa tsiku lotenga ngongole kafafanize yotsalayo, kuti wamasiye asaone woyendera ngongole pa khomo la siwa. Chilala chikagwa, kapena okala ikapsa, komiti ikhale ndi mphamvu yotalikitsa nthawi yobwezera, munthu mmodzimmodzi, itapita kukaona ndi maso, ndipo italikitse kamodzi kokha, ndi chifukwa cholembedwa m'buku. Kukhululukira ngongole kotheratu kukhale kwa khonsolo yonse itakhala pansi, italandira lipoti la owerengera chuma, ndipo malamulo aletse ndi mawu osazungulira kuti munthu aliyense, wa udindo uliwonse, alengeze chikhululukiro chotere pa msonkhano wa ndale kapena m'miyezi isanu ndi umodzi yoyandikira chisankho.